Chiwombankhanga, mendulo ndi mayi wa siketi yaitali: mmene njinga inkatsatsidwira m'Chijeremani

Masamba akumapeto a nyuzipepala ndi magazini a Chijeremani a m'zaka za m'ma 1890 ndi odzaza ndi timabokosi ta malonda, tothithikana mwakuti diso limasowa popumira. Pakati pa sopo, mankhwala a tsitsi ndi mawotchi pamapezeka njinga, ndipo imapezeka kambirimbiri. Kabokosi kake kamakhala ndi kachithunzi ka njinga yoimitsidwa chammbali, kojambulidwa mosamala mpaka sipoko iliyonse kuoneka payokha. M'mbali muli timendulo tiwiri kapena titatu, tina toonetsedwa kumaso ndi kumbuyo komwe. Pamwamba dzina la kampani m'zilembo zonenepa, pansi mzinda kumene kuli fakitale, kenako timawu tomwetomwe timene pafupifupi aliyense ankalemba: "Katalog gratis und franco", kuti kabuku ka mitengo akutumizirani ulere ndipo za positi alipira okha, "Vertreter gesucht", kuti akufuna anthu owagulitsira m'matauni ena, ndi chenjezo loti musapusitsidwe ndi katundu wongotengera.

Chodabwitsa kwa munthu wa lero n'chakuti zotsatsazi sizikamba kwenikweni za kukoma kwa ulendo. Zimatanganidwa ndi kudzichitira umboni. Akuti fakitale yathu ndi yaikulu, tinalandira mendulo ku chionetsero chakuti, timagulitsa ngakhale ku nyumba yachifumu, katswiri wakuti anapambana atakwera njinga yathu. Munthu salankhula chotere pokhapokha akudziwa kuti akumukayikira. Ndipo njinga inkakayikiridwadi. Inali yodula, inali yachilendo, apolisi ankaiyang'ana ndi diso lofiira, madokotala ena ankachenjeza anthu za iyo, ndipo aliyense ankadziwa kuti yabwino imachokera ku England. Otsatsa malonda a ku Germany ndi ku Austria anayenera kugwetsa zokayikirazi chimodzichimodzi. Mukandandalika zotsatsazo motsata zaka, mumaona chokayikira chilichonse chikuchoka, mpaka kutsala nkhani ya mtengo yokha.

Mbiri ya njingayo tingoidutsa mwachidule. Mu 1817 Karl von Drais anayenda ku Mannheim pa kachipangizo kamatabwa ka magudumu awiri, kokankha ndi mapazi pansi. Mapedulo anabwera m'ma 1860 ku Paris, ali pa gudumu lakutsogolo. Popeza kupalasa kamodzi kunkazunguza gudumu kamodzi, wofuna liwiro ankangokulitsa gudumulo, n'chifukwa chake m'ma 1870 ndi 1880 kunali njinga zija zazitali, gudumu lofika m'chifuwa mwa munthu, zimene Ajeremani ankati Hochrad. Kamwala kakang'ono pamsewu kankamugwetsa wokwerayo chamutu. Inali njinga ya anyamata a m'mabanja opeza bwino, osaopa kuthyoka. Zinthu zinatembenuka mu 1885, John Kemp Starley wa ku Coventry ku England atatulutsa Rover, ya magudumu pafupifupi ofanana, yoyendera tcheni, ndiponso mu 1888, John Boyd Dunlop atapanga ku Belfast tayala lopopa mpweya. Pofika 1892 kampani ya Continental ya ku Hanover inali ikupanga matayala otere. Njinga yooneka ngati yomwe akabaza amanyamulira anthu lero inali itabadwa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'busa, dokotala wa kumudzi, gogo ndi mtsikana akanatha kuikwera. Chotsala chinali kuwatsimikizira.

Osula makina osokera ndi osula mfuti

Ambiri mwa amene anayamba kupanga njinga ku Germany sanayambire pa njinga. Adam Opel wa ku Rüsselsheim anali akupanga makina osokera kuyambira 1862. Njinga anayamba mu 1886. Dürkopp ya ku Bielefeld ndi Seidel & Naumann ya ku Dresden nazonso zinali za makina osokera. Kampani ya ku Neckarsulm imene inadzatchuka ndi zilembo za NSU inkapanga makina olukira, ndipo abale a Reichstein a ku Brandenburg, eni dzina la Brennabor, ankapanga tingolo toyendetsera makanda. Sizinangochitika mwangozi. Makina osokera amafuna tizitsulo tambirimbiri tofanana ndendende, utoto wakuda wonyezimira ndi timizere tagolide. Njinga imafuna zomwezo. Koma kwa otsatsa phindu lalikulu linali kwina. Makampaniwa anali kale ndi masitolo owagulitsira m'matauni, anali atazolowera kugulitsa chinthu chodula kwa banja wamba molipira pang'onopang'ono, ndipo dzina lawo linali kale m'nyumba za anthu. Mayi amene makina ake sanamuvutitsepo zaka khumi sakanavuta kukhulupirira njinga ya dzina lomwelo. N'chifukwa chake zotsatsa zambiri zimatchula ziwirizi pamzere umodzi, "Nähmaschinen und Fahrräder", ndipo sitolo imodzi inkagulitsa ndi kukonza zonse.

Pa makalata a kampani ndi pachikuto cha timabuku ta mitengo ankakonda kujambula fakitale ngati ukuionera m'mwamba, nyumba zitandandalikana, machumuni akufuka utsi wakuda, sitima ikudutsa pambali. Lero palibe angatsatse malonda ndi utsi. Nthawi imeneyo utsi unkanena kuti kampaniyi sithawa mawa, chitsulo chikathyoka mudzapeza china. Ojambulawo sankaumira: anthu ndi ngolo ankazichepetsa dala kuti nyumba zioneke zikuluzikulu.

Ku Austria, fakitale ya mfuti ya ku Steyr inayamba njinga mu 1894 kuti antchito ndi makina asamangokhala maoda a zida akachepa. Sanabise kumene akuchokera. Anachita kunyadira, njingayo n'kuitcha Waffenrad, dzina loilumikiza ndi zida zankhondo, kuti wogula adziwe kuti manja osula mfuti ya asilikali a mfumu ndi omwenso asula njingayi. Zinagwira mwakuti mpaka lero ku Austria njinga yakale yakuda, yolemera, anthu amangoitchula choncho ngakhale itapangidwa ndi ena.

Komatu njinga zoyamba za ku Steyr komweko zinkatsata pulani ya kampani ya Swift ya ku Coventry, ndipo apa ndiye panagona vuto. Heinrich Kleyer, amene anayambitsa Adler ku Frankfurt, anayamba mu 1880 ngati woitanitsa njinga zakunja. Kampani ya Premier ya ku Coventry inamanga fakitale pafupi ndi Nuremberg. Siegfried Bettmann, mbadwa ya ku Nuremberg komweko, anakakhazikitsa Triumph ku England, ndipo mu 1896 dzinalo linabwerera kwawo monga nthambi. Ku Cologne kunali njinga yopangidwa ndi Ajeremani koma dzina lake Allright. Kwa zaka zingapo, kunena kuti chitsulo n'cha ku England kunali kutamanda katundu.

Sizinakhale choncho mpaka kale. Mu 1887 Britain inakhazikitsa lamulo loti katundu wakunja azilembedwa kumene wapangidwa, n'cholinga choti ogula azipewa wa ku Germany, amene ankamuona ngati wotchipa ndi wosalimba. Pasanapite zaka zambiri mawu akuti "Made in Germany" anasanduka chonyadira. Ufumu wa Germany unali wachichepere, unangogwirizana mu 1871, ndipo amalonda anazindikira kuti kukonda dziko kumagulitsa. Taonani mayina. Adler ndi chiwombankhanga, mbalame ya pa chizindikiro cha ufumu. Germania, njinga ya Seidel & Naumann, ndi mayi uja wa chishango ndi lupanga woimira dziko. Ena anakabwereka kwa milungu ndi ngwazi za Aroma zimene ana a m'sukulu zapamwamba ankaloweza: Hercules, Victoria ndi Mars ku Nuremberg, Diana ku Bielefeld. Dzinalo linkasulidwa pa kachitsulo kokhomedwa kutsogolo kwa felemu, m'munsi mwa mahandulo, ndipo lamulo la 1894 loteteza zizindikiro za malonda linachititsa kuti kachitsuloko kakhale chuma choti n'kupita nacho kukhoti.

Kunyadaku kunabala mpikisano pamene sankauyembekezera. Mu 1894 wogulitsa mabuku wina wa ku Mladá Boleslav ku Bohemia (dera la Atcheki, nthawiyo pansi pa ufumu wa Austria), Václav Klement, njinga yake ya Germania itawonongeka analembera nthambi ya Seidel & Naumann kalata m'Chitcheki. Yankho linabwera m'Chijeremani, lomuuza kuti ngati akufuna kuyankhidwa alembe m'chinenero chimene iwo angamve. Chaka chotsatira Klement ndi makaniko Václav Laurin anayamba kupanga njinga zawozawo, n'kuzitcha Slavia. Kampani imeneyo ndi imene inadzalowa mu Škoda mu 1925.

Maola 71 a kavalo, maola 31 a njinga

Mayina ndi zithunzi za fakitale zinali zokometsera. Chida chachikulu chinali mpikisano. Ana aamuna asanu a Adam Opel, Carl, Wilhelm, Heinrich, Fritz ndi Ludwig, onse ankathamanga panjinga, ndipo pamodzi anapambana mipikisano yoposa 500. Chithunzi chawo atakwera onse asanu pa njinga imodzi yaitali ya zishalo zisanu chimasindikizidwabe mpaka lero. Bambo wawo sankafunika kulemba ganyu munthu woti azichemerera katundu wake. Ochemerera anali ana a m'nyumba momwemo. Makampani ena ankapatsa akatswiri njinga, matayala ndi anthu owatsogolera pamsewu, ndipo mpikisano ukangotha nyuzipepala inkatuluka ndi kabokosi kondandalika zipambano: mzinda wakuti woyamba, mzinda wakuti woyamba ndi wachiwiri, onse pa njinga yathu.

Umene unasintha maganizo a anthu ambiri unali wochokera ku Vienna kukafika ku Berlin mu 1893, ndipo kuti muumvetse muyenera kudziwa zimene zinachitika chaka cha m'mbuyo mwake. Mu 1892 akuluakulu a asilikali a Germany ndi Austria-Hungary anapikisana pa akavalo pakati pa mizinda iwiriyi. Wopambana, Wilhelm Starhemberg, anatenga maola opitirira 71. Akavalo ambiri anafera m'njira kapena atangofika, kuphatikizapo wa wopambanayo, ndipo anthu anadandaula kwambiri ndi nkhanzazo. Okwera njinga anaona mpata. Mu June 1893 anakonza ulendo wawo, makilomita pafupifupi 580, pa misewu ya fumbi ndi miyala, usana ndi usiku. Josef Fischer wa ku Munich anafika m'maola 31. Tikumbukire kuti msilikali wa pakavalo ndiye anali pamwamba pa ulemu wonse m'maufumu awiriwa, ndipo apa munthu wamba, atakwera chitsulo chosadya udzu, anamusiya ndi maola 40. Palibe chikwangwani chimene chikanalankhula kuposa manambala awiriwo. Fischer yemweyo anadzapambana mpikisano woyamba wa Paris–Roubaix mu 1896, ndipo ku Graz njinga za Styria za Johann Puch zinatchuka Franz Gerger atapambana nazo gawo la okwera osalipidwa la mpikisano wa Bordeaux–Paris mu 1895.

Umboni wa mtundu uwu uli ndi kachinyengo kake. Amapambana ndi miyendo ndi mapapo a munthu, ulemu n'kupita kwa njinga, komanso njinga ya katswiri, yopepuka, yosamalidwa ndi makaniko wakewake, siinali yomwe kalaliki wa ku positi ankagula. Koma sindinganene kuti linali bodza. Pa nthawi imene mafoloko ankathyoka ndi matayala kuphulika kawirikawiri, njinga yofika ku Berlin ili yathunthu inali itanenapo kanthu. Bodza lenileni linali pa timendulo tija. Lamulo la 1896 loletsa chinyengo pa mpikisano wa malonda linachita kutchula mwachindunji kunama za mphoto zimene kampani ili nazo, umboni woti m'malonda a mitundu yonse munali anthu odziveka mendulo zosalandira.

Wogula wachikulire amene sanakwerepo njinga anali ndi nkhawa ina imene mendulo sizikanathetsa: kugwa anthu akuona. Pa ichi ogulitsa anatsegula maholo ophunzitsiramo kupalasa, otchingidwa bwino, ndipo zotsatsa zinkalonjeza maphunziro aulere kwa wogula, nthawi zina ndi maola apadera a amayi. Nyumba ya malonda ya Kleyer ku Frankfurt inali ndi holo yotere. Panalinso apolisi. M'mizinda yambiri wokwera njinga ankayenera kuyenda ndi chiphaso, Radfahrkarte, kwina ndi nambala yomangirira panjinga, ndipo misewu ina yapakati pa mzinda inali yoletsedwa. Mabungwe monga Deutscher Radfahrer-Bund, lokhazikitsidwa ku Leipzig mu 1884, ankamenyera kuti malamulowa afewe, ndipo magazini awo ankadzaza ndi zotsatsa za njinga, nyale, mabelu ndi zovala.

Mayi wa pachithunzi

Aliyense amene waonapo zithunzi zikuluzikulu zamitundu zotsatsa njinga, zomata m'misewu, za nthawi imeneyi amadziwa kuti akazi achulukamo, pamene pamsewu ndi m'makalabu ochuluka anali amuna. Koma muli akazi amitundu iwiri ndipo si bwino kuwasokoneza. Woyamba si munthu, ndi chizindikiro chabe: mulungu wamkazi wa chipambano, wamapiko, atanyamula nkhata ya masamba, kapena Germania atavala chisoti. Ameneyu sapalasa. Amangogwira njinga kapena kuikweza m'mwamba, ndipo akulankhula ndi wogula wamwamuna. Wachiwiri ndi mayi weniweni wa m'tauni, kachipewa pamutu, malaya otseka mpaka m'khosi, siketi yofika m'akakolo, msana woongoka, nkhope ili phee ngati palibe chachilendo chimene chikuchitika. Ameneyu ndiye wofunika kumuyang'anitsitsa, chifukwa akutumidwa mauthenga awiri. Kwa mwamuna akuti, ngati mayi wovala chonchi akutha, inu mukuopa chiyani? Kwa mkazi, ndi kwa bambo ake kapena mwamuna wake amene ankasunga chikwama, akuti kukwera njinga sikuchotsa ulemu.

Ndipo nkhani inagona pa ulemu pomwepo. Amalie Rother, mmodzi mwa amayi oyamba kupalasa njinga m'misewu ya Berlin cha m'ma 1890, anafotokoza mmene khamu linkasonkhanira, ana akumuthamangira, akuluakulu akumunyoza. Madokotala ena ankalemba kuti njinga iwononga thupi la mkazi, ena nkhawa yawo inali pa makhalidwe. Mkangano waukulu unali pa chovala. Siketi yaitali imakodwa mu tcheni ndi m'masipoko, koma buluku lotakasuka lomanga m'mawondo, limene ku Paris anthu anali atayamba kulizolowera, m'matauni ambiri a Ajeremani linkaonedwa ngati chipongwe. Opanga njinga sanafune kulimbana ndi chikhalidwe, ndiye anasintha njingayo. Anatsitsa chitsulo chapakati kuti siketi ipeze malo, anaphimba tcheni, n'kuluka ukonde wa tizingwe m'mbali mwa gudumu lakumbuyo. Pa zotsatsa za njinga za amayi zinthu zimenezi amazijambula moonekera bwino.

Poyerekeza ndi za ku France, zithunzi za Chijeremani nthawi zambiri n'zodziletsa. Chithunzi chotchuka cha njinga za Gladiator za ku Paris chili ndi mkazi wosavala akuuluka pakati pa nyenyezi atagwira mahandulo. Ku Germany nyumba ya malamulo inakangana kwa zaka pa lamulo lotchedwa Lex Heinze, limene mwa zina linkafuna kuletsa zithunzi zochititsa manyazi m'mawindo a masitolo, mpaka linadutsa litafewetsedwa mu 1900. Wamalonda wochenjera ankadziwa polekezera. Ine ndimaona kuti kudziletsako kunathandiza akazi enieni kuposa mkazi wouluka uja, chifukwa chithunzi cha mayi wovala modzilemekeza mtsikana akanatha kuchionetsa makolo ake popempha njinga. Mu 1893 ku Graz kunakhazikitsidwa kalabu ya amayi okhaokha okwera njinga, ndipo posakhalitsa kunatuluka magazini awoawo, Draisena ndi Die Radlerin. Rosa Mayreder wa ku Vienna, womenyera ufulu wa amayi, anadzanena kuti njinga inachita zambiri pomasula akazi kuposa khama lonse la mabungwe awo, koma anasamala kunena kuti akukamba za akazi a m'mabanja apamwamba. Wantchito wa m'nyumba ndi mayi wa m'fakitale simuwapeza pa zithunzizi. Analibe ndalama yake.

Zithunzi zamitunduzi zinkasindikizidwa ndi miyala. Njirayi anaitulukira Alois Senefelder ku Munich chakumapeto kwa zaka za m'ma 1790, ndipo imadalira kusagwirizana kwa mafuta ndi madzi. Wojambula amalemba pa mwala wosalala wa laimu ndi choko chamafuta, mwalawo amaunyowetsa, inki n'kugwira pokhapo pamene pali mafuta. Mtundu uliwonse umafuna mwala wakewake, ndipo pepala limadutsa pa miyala yonseyo umodziumodzi, losasuntha ngakhale pang'ono. Malo omatapo analipo kale. Kuyambira 1855 Ernst Litfaß anaimika m'misewu ya Berlin zipilala zonenepa zomatapo zotsatsa, mogwirizana ndi apolisi, amene ankafuna kuthetsa kumata paliponse komanso kuona zimene zikumatidwa.

Poyamba osindikiza a ku Germany ankadzaza pepala lonse: malo okongola, mendulo, fakitale, maluwa, zilembo za mitundumitundu. Mu 1896 ku Munich kunayamba magazini awiri, Jugend ndi Simplicissimus, amene anazoloweza anthu mizere yopindika, mitundu yochepa yoyalidwa bwino, ndi nthabwala. Kajambulidwe ka Jugendstil kanatenga dzina ku magazini yoyambayo, ndipo kanafika malonda a njinga ali pachimake. Pakhomo pa sitolo pankakhomedwa chikwangwani chachitsulo chokutidwa ndi galasi losungunulira pamoto, chosasuluka ndi dzuwa kapena mvula. Zikwangwani zotere, za malonda osiyanasiyana, zinachuluka mwakuti odana nazo anazitcha Blechpest, mliri wa malata, ndipo Prussia, chigawo chachikulu cha ufumu wa Germany, inakhazikitsa malamulo mu 1902 ndi 1907 oletsa kuipitsa maonekedwe a malo.

Mtengo utagwa

Chimake sichinakhalitse. Cha m'ma 1898 mafakitale anali atachuluka kuposa ogula, ndipo ku America, kumene msika unali utagwa kale, njinga zotsala zinkatumizidwa ku Ulaya pa mtengo wozizira. Njinga imene kale inkadya malipiro a miyezi yambiri a munthu wa m'fakitale inayamba kutsika. Makampani ang'onoang'ono ambiri anatseka. Olemera, poona kuti wantchito wawo nayenso wakwera njinga, anayamba kuponya maso pa galimoto.

Zotsatsa zinasintha kalankhulidwe. Milungu inachepa, manambala n'kuchuluka. August Stukenbrok wa ku Einbeck, amene anayamba mu 1890, anakulitsa malonda otumiza njinga molunjika kwa wogula pansi pa dzina la Deutschland, ndipo kabuku kake ka mitengo kanakula kukhala buku lonenepa la chilichonse, kuyambira pampu mpaka wotchi. Ogwira ntchito m'mafakitale anali ndi bungwe lawo, Solidarität, lokhazikitsidwa ku Offenbach mu 1896, limene linadzakhala ndi sitolo ndi fakitale yakeyake ya njinga za Frischauf, dzina lochokera ku moni wawo, wosiyana ndi "All Heil" wa makalabu a opeza bwino. Chatsopano choti n'kudzitama nacho chinatsala pa umisiri, makamaka habu (chitsulo chapakati pa gudumu lakumbuyo) ya Torpedo imene Fichtel & Sachs ya ku Schweinfurt inatulutsa mu 1903, yolola kutsetsereka osapalasa ndi kumanga buleki popondera kumbuyo.

Makampani aakulu anapulumuka ponyamula dzina n'kuliika pa chinthu china. Opel inayamba magalimoto mu 1899, ngakhale kuti njinga sinazisiye, ndipo m'ma 1920 inkapanga zambiri kuposa kampani ina iliyonse padziko. Adler inayamba makina otayipira mu 1898 ndi magalimoto mu 1900. NSU ndi Wanderer zinalowa m'njinga zamoto, ndipo Wanderer ya ku Chemnitz ndi imodzi mwa mphete zinayi zija za pa Audi. Dzina litadziwika, panalibenso chifukwa cholichitira umboni. Ku Berlin Lucian Bernhard anatchukitsa kajambulidwe kochotsa zonse n'kusiya chinthucho ndi dzina lake basi: machesi awiri ndi mawu akuti Priester, kenako makina otayipira ndi mawu akuti Adler. Mendulo, fakitale ndi utsi zonse palibe.

Zambiri mwa zotsatsa zakalezi zilibe deti, koma zimadziulula zokha. Mawu achidule akuti "vorm.", otanthauza "kale inkatchedwa", amasonyeza kuti kampani inasintha dzina itakhala ya masheya: mukaona Adler "vorm. Heinrich Kleyer" dziwani kuti n'kuyambira 1895, Wanderer "vorm. Winklhofer & Jaenicke" kuyambira 1896. Zilembo D.R.G.M., zoteteza kapangidwe ka chinthu, sizingakhalepo 1891 isanafike. Malembedwe akale monga "Thür" ndi "Thal" anathetsedwa pa msonkhano wa ku Berlin mu 1901, ngakhale osindikiza ena anachedwa kusintha, choncho ichi n'chongothandizira. Njingayo nayo imanena zaka zake: tayala lopyapyala lopanda mpweya ndi la m'ma 1890 koyambirira kapena kale kuposa apo, dzina la Torpedo ndi la 1903 kupita mtsogolo.

Popeza zithunzizi zinkamatidwa kuti zikhale milungu yochepa, pa pepala lotchipa, zenizeni zotsala ndi zochepa, ndipo zambiri zimene zimagulitsidwa lero pa intaneti ndi zosindikizanso. Galasi lokulitsa zinthu limathetsa mkangano. Chosindikizidwa masiku ano chimaoneka timadontho tandondomeko yake tofola bwinobwino, pamene cha mwala mitundu yake imayala mosalala kapena mwa timchenga tosalongosoka, ndipo m'mphepete nthawi zambiri muli dzina la nyumba yosindikiza ndi mzinda wake. Chikwangwani chakale chagalasi chimalemera, kawirikawiri chimakhala chotukuka pang'ono pakati, ndipo mukayendetsa chala pa zilembo mumamva kuti zakwera pamwamba pa mtundu wapansi.